Ndani Watsala pa Tsamba la Sukulu Yathu

Duisburg, 6 Malichi 2017

Man-su mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Hye-suk. Kuno ndili bwino, kungoti maondo. Chisanu chikutha koma dzuwa silinayambe kuoneka. Zaka zonsezi ndakhala ku Jeremani kuno, dzuwa lawo lokha sindinalizolowere.

Ndakulembera kalata chifukwa pa foni sitimvana, iwe ndi khutu lako lija, ine ndi liwiro langa polankhula. Ndili ndi pempho. Ukukumbukira tsamba la pa intaneti lija lokumanirapo anthu amene anaphunzira sukulu imodzi? Sukulu yathu ya kumudzi ili ndi chipinda chake pamenepo. Ndayesa kulowa, likundikana. Mawu achinsinsi ndaiwala, ndipo likuti kuti andipatse ena ndilembe nambala ya foni ya ku Koreya. Ndiitenga kuti ine nambala ya ku Koreya? Mwana wanga Mareike wayesa kundithandiza, koma zilembo zathu saziwerenga, amangodina paliponse.

Iwe unaphunzira sukulu yomweyo, ngakhale kuti unkayamba ine nditamaliza. Lowa m'dzina lako undionere. Ndikufuna kumva za Sun-deok, za Yeong-sil wa kuchigayo, ndi za Du-man amene ankayang'anira chipindacho. Uwalembere kuti Pyo Jeom-rye, uja anapita ku Jeremani kukagwira unamwino, akubwera nthawi yokolola mpunga.

Unditumizireko ufa wa tsabola. Wa kuno ndi fumbi lofiira chabe.

Ndine mlongo wako,
Jeom-rye


Yeongju, 2 Epulo 2017

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira. Ndili bwino. Ndikugwirabe ulonda pa nyumba zosanja zija: kulandira makatoni a anthu, kusankhula zinyalala, kuuza anthu kuti asaimike galimoto pakhomo.

Mwapereka moni kwa mlamu wanu. Hye-suk anamwalira mu Novembala. Ndinakuuzani pa foni, munalira, munati simungathe kubwera. Ndikuganiza kuti dzanja linangozolowera kulemba dzina lake. Palibe kanthu. Inenso ndikamalowa m'nyumba ndimavulabe nsapato mwakachetechete ngati muli wina wagona.

Za tsambalo, masiku ano palibe amalowako. Anthu ali m'magulu a pa foni. Ndinafunsa a Bang, anzanga a pa ntchito, ngati likadalipo. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Iwe Pyo, limenelo si lija linkapasula mabanja, anthu akapezana ndi zibwenzi za ku pulayimale? Wayamba kale kusaka mkazi? Dikira chaka chithe kaye, mkulu." Sindinaseke ndipo sindinakwiye. Tinapitiriza kupinda makatoni.

Sindinayese kulowa. Tsabola ndatumiza, ndaikamonso ndere zouma za m'nyanja.

Man-su


Duisburg, 21 Epulo 2017

Man-su,

Moni. Phukusi lafika, nyumba yonse ikununkhira kwathu. Za mlamu wanga undikhululukire. Nditawerenga ndinakhala pansi nthawi yaitali.

Koma tsambalo usalinyoze. Pamene linkayamba, ine ndinali nditatha zaka pafupifupi makumi atatu osamva dzina langa likutchulidwa monga ankalitchulira kumudzi. Kuchipatala ndinali Namwino Pyo, kunyumba ndinali Mayi Brandt. Tsiku limene ndinalowa koyamba, Sun-deok analemba kuti, "Jeom-rye wa mamina uja ndiwe? Ukadali moyo?" Ndinalira pa kompyuta ya mwamuna wanga mpaka malemuyo anaganiza kuti kwathu kwagwa maliro. Miyezi imeneyo ndinkachoka ku ntchito ndikuthamanga kuti ndikaone amene walemba.

Anthu a kuno ayamba kulankhula mofulumira. Dzulo kogula buledi mtsikana anandifunsa kanthu, anabwereza, anabwerezanso, ine ndinangomuyang'ana pakamwa. Achinyamata a masiku ano amameza mawu. Ku tchalitchi cha Akoreya ndasiya kupita. Basi anaisintha njira osatiuza, inakandisiya kumalo kumene sindikudziwa.

Lowa, chonde. Sun-deok, Yeong-sil, Du-man. Uwauze kuti ndikubwera.

Mlongo wako


Yeongju, 28 Meyi 2017

Achemwali,

Moni. Ndili bwino. Kwayamba kutentha.

Ndalowa. Chipinda cha sukulu yathu chikadalipo. Pamwamba pali chithunzi cha sukuluyo, chojambulidwa isanatsekedwe. Panopa m'makalasi muja munthu wina amalimamo bowa. Pansi pa chithunzicho pali malonda: mankhwala a maondo, mano oikirira, inshuwalansi ya maliro. Mauthenga a anthu ali pakati pa malondawo, uyenera kuwafunafuna.

Ndinawerenga kuyambira akale. Akalewo ndi a maphwando, zithunzi za anthu atavala zipewa zokwerera mapiri, atakweza mabotolo. Apakati ndi maukwati a ana awo. Aposachedwa ndi maliro okhaokha, ndipo onse analemba ndi Du-man. Uthenga wake womaliza ndi wa chaka cha dzana. Ndinaimbira msuweni wake. Akuti anafa ziwalo, ali kunyumba yosamalira odwala ku Andong, salankhula.

Sun-deok anamwalira mu 2014 ndi khansa ya m'mimba. Zalembedwa pamenepo, ndipo pansi pake pali mawu anu achipepeso, Achemwali. Munalemba inuyo, ataliatali. Yeong-sil anapita kwa mwana wake ku Amereka, palibe amene ali ndi nambala yake.

Uthenga wanu ndinalemba monga munanenera. Tsambalo limaonetsa kuti awerenga ndi angati. Mpaka lero ndi awiri, ndipo mmodzi ndine. Palibe wayankha.

Mukanandifunsa ndikanati musavutike nalo. Lili ngati sitolo imene mwini wake anamwalira koma magetsi anaiwala kuzimitsa.

Man-su


Duisburg, 19 Juni 2017

Man-su mwana iwe,

Uli bwanji? Mlamu wanga Hye-suk ali bwanji? Nanga bwanji sukundiyankha za tsamba lija? Ndakhala ndikudikira.

Uuze Sun-deok akandichingamire pa siteshoni, abwere ndi Yeong-sil. Asavutike kuphika zambiri. Ndawagulira mafuta odzola ndi chokoleti. Sutikesi ndalongedza kale, ili pakhomo. Mareike akuti ndiichotsepo ndidzagwa nayo. Mwana ameneyu amalankhula zambiri, theka lake sindimva.

Unditumizireko tsabola, wa kuno ndi fumbi chabe.

Mlongo wako


Yeongju, 9 Julayi 2017

Achemwali,

Ndinakuyankhani, kalata yaitali. Ndikuona kuti makalata anga simuwerenga, mumangoona kuti envulopu yafika.

Hye-suk anamwalira. Sun-deok anamwalira. Ndadula mzere pansi kuti muone.

Munachoka ndikadali mnyamata. Pa maliro a Bambo munafika titaika kale. Pa maliro a Amayi munakhala masiku ochepa. Pa a mkazi wanga simunabwere. Sindinadandaulepo, chifukwa ndikudziwa kuti thukuta lanu la kumeneko ndi limene linandiphunzitsa sukulu. Koma ngati mukufuna anthu okuchingamirani pa siteshoni atanyamula nsalu yolembedwa dzina lanu, anthuwo kulibe. Mukabwera ndidzakuchingamirani ndekha. Mudzagona m'chipinda chimene Hye-suk ankasokeramo.

Musaganize kuti ndakwiya. Ndafufuza mumtima, mkwiyo mulibe. Mulibe kanthu kalikonse. Kungoti ndatopa kulemba za akufa omwewo mobwerezabwereza. Pa tsambalo sindilowanso. Tsabola amene ndinatumiza mu Epulo sangakhale atatha.

Man-su


Duisburg, 14 Januwale 2018

Amalume,

Moni. Ndine Mareike, mwana wa mlongo wanu. Tinaonana kamodzi ndili wamng'ono, munandigulira mbatata yootcha pamsewu ndipo inandiotcha lilime. Ine Chikoreya sindidziwa. Ndikulankhula m'Chijeremani, ndipo Mayi Gu a ku tchalitchi akulemba. Yankho lanu adzandiwerengera iwo omwewo.

Amayi sanabwere chifukwa akudwala matenda oiwala. Adokotala akuti anayamba kalekale, koma amayi anagwira unamwino zaka zambiri, amadziwa kubisa. Ngakhale ine ndinkangoti ndi ukalamba. Mu Ogasiti apolisi anawapeza pa siteshoni ya sitima ali ndi sutikesi, akufunsa anthu m'Chikoreya kuti sitima ya ku Yeongju inyamuka nthawi yanji. Panopa ali kunyumba yosamalira okalamba. Pepani kuti ndachedwa kukuuzani. Zinthu zinali zambiri, ndipo ndinalibe wondilembera.

Vuto lalikulu ndi ili. Chijeremani chawachokera. Chinkachoka pang'onopang'ono, tsopano chatsala "zikomo" ndi "ayi". Amalankhula Chikoreya tsiku lonse ndipo palibe amawamva, ngakhale ine. Ndili mwana anati Chikoreya chidzandisokoneza kusukulu, choncho sanandiphunzitse. Ndimakhala pafupi ndi bedi lawo, amandiuza zinthu zambiri, ine ndimangogwedeza mutu. Akaona kuti sindikumva amatembenukira kukhoma. Akudya pang'ono kwambiri.

Mayi Gu amapitako akapeza mpata. Koma iwo ndi a ku Seoul, ndipo amayi amawayankha mwaulemu ngati munthu wa boma wabwera kudzafunsa mafunso. Akuti amatchulatchula maina a anzawo a kusukulu.

Amalume, kodi alipo wina wotsala? Munthu mmodzi yekha amene angalankhule nawo pa foni. Nambala ndalemba pansipa. Inunso muziimba.

Mareike


Yeongju, 5 Febuluwale 2018

Mareike mwana wa mlongo wanga,

Moni. Uwathokoze Mayi Gu.

Kalata yako ndinaiwerengera m'kanyumba kathu ka alonda. Nditamaliza ndinatenga tsache kukasesa chipale chofewa pa masitepe, chifukwa inali nthawi yake. Ndinkadikira kuti ndilira, koma sizinabwere. Ukapeza kalata yanga ya mu Julayi m'katundu wa amayi ako, usawapatse Mayi Gu kuti akuwerengere. Ingotaya.

Ndinaimba. Ndinaika foni ku khutu labwino ndipo ndinati, "Achemwali, ndine Man-su."

Anati, "Man-su wake uti?"

"Mlongo wanu."

Anaseka. "Bambo inu, Man-su ndi mwana. Wapita kokadyetsa ng'ombe. Mukufuna Bambo athu? Ali kumunda."

Ndinati chabwino, ndiimbanso akabwera. Anati, "Muyende bwino," mwaulemu kwambiri, ndipo anadula. Ndayesanso kangapo. Nthawi zonse ndimakhala mlendo wofuna Bambo. Man-su amene akumudziwa iwo alibe mawu a nkhalamba.

Ndabwerera pa tsamba la anthu a sukulu yathu, limene amayi ako ankandituma kuti ndilowepo chaka chonse chatha. Ndalemba kuti: "Pyo Jeom-rye sabwera. Akudwala kuiwala ku Jeremani, chilankhulo cha kumeneko chamuchokera, alibe wolankhula naye. Amene akumukumbukira andiimbire." Ndaika nambala yanga.

Usayembekezere zambiri. Tsambalo linafa kale. Amene wandiimbira mpaka pano ndi munthu wogulitsa malo a manda.

Malume wako,
Man-su


Yeongju, 8 Epulo 2018

Mareike,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. Wina wapezeka.

Sabata yatha foni inalira, mawu a mayi wachikulire, koma kunali phokoso ndipo sindinamve bwino. Ndinangomuuza kumene ndimagwira ntchito. Lachiwiri masana ndikusankhula mabotolo, ndinaona mayi wamfupi, chipewa chachikulu cha dzuwa, akukoka kangolo ka kumsika. Anaima patsogolo panga nandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndiwe mlongo wake wa Jeom-rye? Wakalamba moipa bwanji. Si unali ndi tsitsi iwe?"

Dzina lake ndi Ma Ok-bun, amagulitsa maapozi pamsika wa ku Punggi. Anali kalasi imodzi ndi amayi ako. M'makalata awo onse sanamutchulepo.

Anati, "Ndakuimbira, ukungoti 'ha? ha?' ngati mbuzi, ndiye ndati ndikwere basi."

Ndinamufunsa ngati amalowabe pa tsamba lija.

"Ndimalowa kukaona amene wafa. Ndikapanda kupezapo dzina langa ndimatseka."

A Bang anamupatsa mpando. Anakana, akuti akakhala sadzuka.

"Uthenga wako woyamba uja ndinauona," anatero. "Ndinati abwere ndi mafuta ake onunkhira a ku Jeremani, ine ndilibe nthawi. Ine ndi mlongo wakoyo sitinkamwerana madzi. Iye ankakhala kutsogolo ndi dzanja lake m'mwamba, ine kumbuyo. Anakandinenera kwa aphunzitsi kuti ndili ndi nsabwe, anandimeta mpala kalasi yonse ikuona."

Ndinati, "Nanga mwadzeranji?"

"Pali wina ngati? Kawerenge pa tsamba pakopo. Akazi a kalasi yathu tatsala ine ndi iye, ndi Yeong-sil amene anamezedwa ndi Amereka."

Ndinamuuza kuti asadabwe akapanda kumudziwa, chifukwa ngakhale ine sanandidziwe.

Anati, "Iwe uli ndi chiyani choti munthu akukumbukire? Ine andidziwa. Tsitsi lake ndinalikoka mpaka linatsala m'manja mwanga."

A Bang anaseka, iye anawayang'ana, anasiya. Kenako anatulutsa foni nandiuza kuti ndimuikire nambala, ndimulembere papepala kuti kuno kukamada kumeneko nthawi imakhala ili bwanji. Anasiya thumba la maapozi a chaka chatha, ofota, amene sanagulidwe. Akuti aimba Lamlungu.

Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Mayiyu ali ndi pakamwa. Ukakhale pafupi, zikavuta ukadule foni.

Malume wako


Duisburg, 6 Meyi 2018

Amalume,

Moni. Mayi Gu akulembanso, ndipo akupereka moni.

Foni inalira Lamlungu m'mawa ndili pomwepo. Mawu a Mayi Ma ndinkawamva ndili pakhomo ngakhale foni inali ku khutu la amayi. Amayi anadzuka, anakhala tsonga, nayamba kukuwa nawonso. Wosamalira odwala anathamangira m'chipinda poganiza kuti kuli ndewu. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndilande foni monga munanenera, amayi anandimenya padzanja. Kenako anaseka. Kuseka kumeneko sindinakumvepo chibadwire, kotsegula pakamwa ponse, akudzimenya pabondo. Amayi amene ndikuwadziwa ine ankaseka atatseka pakamwa ndi dzanja.

Lamlungu lotsatira ndinapita ndi Mayi Gu kuti akamvetsere. Akuti amakangana za nsabwe, ndi za amene anaponya nsapato ya mnzake mumtsinje. Mawu ena Mayi Gu anakana kumasulira. Sabata iliyonse mkanganowo umayambira pachiyambi, chifukwa amayi amaiwala kuti anakangana kale. Kodi Mayi Ma satopa nazo? Muwafunse. Ndikuopa kuti tsiku lina adzasiya.

Matendawo sanasinthe. Lolemba sakumbukira kuti kunali foni, ndipo amatembenukirabe kukhoma. Koma Lamlungu amamaliza mbale yonse.

Ndili ndi funso. Pali liwu limene limabwerabwera, ndalimva mpaka ndaliloweza: "gasina". Amalinena kwa Mayi Ma. Sabata yatha atadula foni anandiyang'ana ine nthawi yaitali nati, "Gasina." Ndinafunsa Mayi Gu, anachita manyazi, akuti si liwu labwino. Kodi amayi akunditukwana chifukwa sindiwamva? Mundiuze zoona, Amalume.

Mareike


Yeongju, 27 Meyi 2018

Mareike,

Moni. Ndili bwino. Kuno ayamba kuoka mpunga.

Ndinapita kumsika kukaona Mayi Ma ndipo ndinafunsa funso lako. Anali akupukuta apozi ndi malaya. Anati, "Kutopa? Ndizimuuza zomwezo mpaka avomere kuti nsabwezo zinali zake." Kenako anandiuza ndichoke ndikutchinga makasitomala.

A Bang amandifunsa ngati tsamba lija ndalitseka, popeza chimene ndinkafuna ndachipeza. Sindinalitseke. Ndimalowa ndikapuma. Chatsopano palibe, malonda omwe aja. Du-man, uja ankalemba mauthenga a maliro, wamwalira mwezi uno, ndipo uthenga wake ndalemba ine chifukwa panalibe wina. Sindikudziwa ngati lili ndi ntchito. Ndangolisiya.

Za liwu lija. Mayi Gu sananame, ku Seoul munthu salinena. Kwathu kuno ndi mmene atsikana amaitanirana, ndiponso mmene mayi amaitanira mwana wake wamkazi akachedwa kubwera kudzadya. Mlendo saitanidwa choncho. Agogo ako ankawaitana choncho amayi ako tsiku ndi tsiku, ali kukhitchini, mudzi wonse ukumva.

Akadzakuitananso usagwedeze mutu. Uyankhe kuti, "Wa?" Ndiko kuti, "Nchiyani?" Ukweze mawu, ngati akusokoneza uli pa ntchito. Zimene adzanene pambuyo pake sudzazimva. Uwasiye anene.

Malume wako,
Man-su